Pampasi sasandutsa mwana gojo

Nkhaniyi yafika ponseponse, kuyambira pa mjigo ku Mkaika mpaka pa mzere wa sikelo ku Sinda ndi ku Vubwi. Akuti mwana wamwamuna wovala pampasi adzakhala gojo chifukwa pulasitiki imawotcha mbewu yake. Agogo ena afika pokalipira apongozi awo poti akuwaphera mtundu. Ife tikukana.

Mphekeserayi ili ndi kumene inachokera. Mu 2000 madokotala a ku Kiel, m'dziko la Germany, anapima ana aamuna 48 n'kupeza kuti kumaliseche kumatentherako mwana akavala thewera la pulasitiki kusiyana ndi lansalu. Anathera pomwepo. Anawo sanawatsate mpaka kukula kuti aone ngati adzabereke. Komanso khanda silipanga mbewu n'komwe, thupi limayamba ntchitoyo mnyamata akatha msinkhu, matewera ataiwalika kalekale. Wofuna zidzukulu aziopa chinzonono chosachizidwa ndi matsagwidi ogwira munthu atakula.

Za mankhwala sitibisa. Mu Januwale 2019 bungwe la ANSES ku France linapeza timankhwala monga dioxin, formaldehyde ndi zonunkhiritsa m'matewera ena otaya, ndipo boma la kumeneko linauza opanga kuti atichotse. Choncho mayi wosankha pampasi wosanunkhira, wa m'paketi yolembedwa dzina la wopanga, akuchita bwino kuposa wogula wa m'thumba losadziwika kwawo.

Koma chimene chikuvulaza ana kuno si chimenecho. Pampasi ndi wodula, ambiri amagula mmodzimmodzi pa kantemba. Ndiye mwana amavekedwa m'mawa, n'kukhala naye kumsana mpaka dzuwa kupendeka, theweralo litalemera ngati mtanda wa nsima. Pomuvula, m'mphechepeche muli psuu, khungu lasupuka, mwana akulira ngakhale madzi kungomukhudza. Chamuwotcha ndi mkodzo ndi chimbudzi chimene wakhalira tsiku lonse, ndipo thewera lansalu losasinthidwa limachita chimodzimodzi. Ndalama zikavuta, masana mwana avale nsalu yochapa bwino ndi kuyanika padzuwa, pampasi asungidwire usiku ndi ulendo.

Nanga akatha ntchito amapita kuti? Pampasi sawola msanga, m'chimbudzi chokumba amadzaza dzenje. Wotayidwa kuseri kwa nyumba, agalu ndi nkhumba amamung'amba n'kumwaza pabwalo pamene ana akukwawa. Mvula ya Disembala ikagwa, zonsezo zimatsikira kudambo, kumene kuli chitsime chosavundikira chomwe mudzi wonse umatungapo.