Nthaka ndi yawo, mlengalenga ndi mwa eni

A Navajo, amene amadzitcha okha kuti a Diné, ali ndi boma lawolawo mkati mwa dziko la America: pulezidenti, nyumba ya malamulo ndi makhoti, likulu ku Window Rock. Dera lawo lakhudza Arizona, New Mexico ndi Utah, ndipo kukula kwake kumaposa theka la Malawi. Ali ndi bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti, la Navajo Nation Telecommunications Regulatory Commission.

Dzinalo ndi lolemera ndithu, koma mphamvu zake zimalekeza pati? Ziphaso za mafunde amene foni ya m'manja imayendera zimaperekedwa ku Washington ndi bungwe la FCC. Kampani imatha kugula chiphaso chokuta dera lalikulu, kenaka n'kuimika nsanja zake m'mbali mwa misewu ikuluikulu mokha, kumene kuli ndalama. Gogo woweta nkhosa kutali ndi tala azikwera chitunda, foni m'mwamba, kusakasaka netiweki. Bungwe la a Navajo lingadandaule, koma chiphasocho silingalande.

Chimene agwira m'manja ndi nthaka. Wofuna kuimika nsanja kapena kukwirira chingwe cha faiba ayenera kupempha kwa iwo. Komatu nthakayo mwalamulo amawasungira ndi boma la America, choncho mapepala amakadutsanso ku Bureau of Indian Affairs. Maofesi awiri, zidindo ziwiri, miyezi n'kumapita. Apa boma la a Navajo nalo lisadziyeretse. Kuchedwa kwina kumabadwira pa matebulo awo omwe.

Mliri wa Covid-19 udaika zonsezi poyera. Mu Meyi 2020, poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, matendawa adafala kwambiri kwa a Navajo kuposa ku New York. Masukulu atatsekedwa, ana ankalembera ntchito ya kusukulu m'galimoto, kunja kwa maofesi a m'madera, kuti apezeko Wi-Fi. Ndipo nyumba zambiri kumeneko zilibe nambala kapena dzina la msewu, moti woimba 911, nambala yopempha thandizo pangozi, amachita kulondolera ambulansi ndi miyala ndi mphambano.

Chimene chidasuntha zinthu si kudandaula ayi. Bungwe la a Navajo la magetsi ndi madzi, NTUA, lomwe lidayamba mu 1959, lidayala faiba yakeyake, ndipo mu 2011 lidagwirizana ndi kampani ya Commnet kukhazikitsa NTUA Wireless, gawo lalikulu lili la a Navajo. Mwini nsanja amasankha yekha poiimika.

Mu 2020 FCC idatsegula khomo kwa miyezi ingapo kuti mitundu ya eni nthaka itenge mafunde a 2.5 GHz osagwiritsidwa ntchito, ulere. Ambiri adaombera m'manja. Ine ndikuti zidachepa. Mafunde alionse amene kampani yangowakhalira pamwamba pa nthaka ya a Navajo aperekedwe kwa a Navajo, ndipo likhale lamulo, osati chifundo cha chaka chimodzi.