Purosesa ikabadwa ndi chilema, amalipira ndani?

Sabata yatha ku hostelo tinakangana ndi mnzanga wina amene akuphunzira za makompyuta. Iye ankati kampani ikagulitsa katundu woipa, msika umailanga wokha: ogula amathawira kwa opikisana nayo, basi nkhani yathera pomwepo. Ine, amene ndimaphunzira mbiri yakale ndi filosofi, maphunziro amene iye amati ndi a anthu ongodziwa kutsutsa, ndinamufunsa za Meltdown ndi Spectre. Anaseka, amvekere, "Iwe mwana, ukudziwapo chiyani za purosesa?" Sananame, sindingapange purosesa ngakhale imodzi. Koma kuika zinthu m'ndondomeko ya zaka ndi kufunsa kuti analipira ndani, imeneyo ndiye ntchito imene timaphunzira ifeyo.

Purosesa ndi kachipangizo kakang'ono kamene kamachita masamu onse mu kompyuta kapena mu foni. Pa 3 Januwale 2018, dziko linauzidwa kuti mapurosesa ambiri opangidwa kuchokera cha m'ma 1995 anali ndi chilema cholola pulogalamu ina kusuzumira zinsinsi zimene siyenera kuona, monga mapasiwedi. Anatulukira zimenezi ndi magulu angapo, ena osadziwa n'komwe kuti anzawo akufufuza zomwezo: Jann Horn wa ku Google, ofufuza a ku yunivesite ya Graz ku Austria, komanso Paul Kocher ndi anzake. Chilemacho sichinali mu Windows kapena mu pulogalamu ina imene mungaifufute. Chinali m'kapangidwe ka chipangizo chenichenicho.

Kuti timvane, taganizani za mkulu wa pachiwaya amene mumagulapo tsiku lililonse. Akakuonani muli chapatali, amaswa kale dzira, poti amadziwa kuti inu tchipisi mumadya ndi dzira. Akalondola, mwapulumutsa nthawi nonse. Akaphonya, amangolikankhira pambali dziralo ngati palibe chachitika. Koma wobwera pambuyo panu akaitanitsa dzira n'kulandira nthawi yomweyo, wadziwa kanthu kena za inu popanda womuuza. Purosesa imachitanso chimodzimodzi. Kuti ifulumire, imalosera chimene pulogalamu ifune ndipo imayamba kuchigwira isanatsimikize. Ikaphonya imataya yankho, koma mapazi ake amatsala m'kankhokwe kake kofulumira kotchedwa cache, ndipo wakuba wodziwa kuyeza nthawi amatha kuwawerenga. Kwa zaka zoposa 20 nzeru imeneyi inkatamandidwa, chifukwa ndi imene inkapatsa makampani liwiro lodzitama nalo potsatsa malonda.

Apa ndi pamene mnzanga uja anaona ngati wapeza mpata. Meltdown inakhudza makamaka mapurosesa a Intel, pamodzi ndi ena ochepa a ARM, pamene a AMD sinawakhudze. Nkhani itangophulika, masheya a Intel anatsika, a AMD n'kukwera. Patapita zaka zochepa, mu 2022, mtengo wa kampani ya AMD pa msika wa masheya unaposa wa Intel. "Waona?" anatero iye. "Msika unaweruza."

Ine ndikuti tione kaye chimene chinachitika m'chaka chenicheni cha manyaziwo. Mu 2017 Intel inagulitsa katundu wa madola 62.8 biliyoni. Mu 2018, chaka cha Meltdown, inagulitsa wa madola 70.8 biliyoni, ndalama zimene inali isanapezepo chiyambire. Mu 2019 zinakweranso. Ngati chimenechi ndi chilango, ambiri tikanakonda kulangidwa chonchi. Chifukwa chake sichovuta kumvetsa: pa nthawiyo pafupifupi maseva onse a m'malo akuluakulu osungira deta ankayendera mapurosesa a Intel, ndipo kampani imene yamanga zonse pa maziko amenewo siingasamuke m'mwezi umodzi ngati munthu wosintha shopu yogulako sopo.

Kukwera kwa AMD kunali ndi mizu ina. Lisa Su anayamba kutsogolera kampaniyo mu 2014 ili pamavuto aakulu a zachuma. Mapurosesa ake atsopano a Ryzen ndi EPYC anatuluka mu 2017, anthu asanamve za Meltdown. Mu 2019 AMD inayamba kugulitsa mapurosesa opangidwa ndi TSMC ya ku Taiwan pa luso la 7nm, pamene mafakitale a Intel anali atachedwa zaka zingapo ndi luso lawo la 10nm. Ogula anapita ku AMD chifukwa anapeza mphamvu zambiri pa mtengo wabwinopo. Ndikuvomereza kuti Meltdown inathandizako, poti inakumbutsa ogula akuluakulu kuopsa kodalira wogulitsa mmodzi. Koma msika unalanga Intel chifukwa chochedwa, osati chifukwa chotayitsa zinsinsi za anthu.

Ndipo othawawo akanathawira kuti? Spectre inakhudza onse: Intel, AMD ndi ARM, kuphatikizapo mafoni amene ali m'matumba mwathumu. Onse ankalosera mofanana chifukwa onse ankathamanga mpikisano umodzi, wa liwiro. Mu 2023 kunatulukira Zenbleed ndi Inception pa mapurosesa a AMD, komanso Downfall pa a Intel. Mpikisano umene mnzanga akuti ndi mankhwala ndi womwewo umene unabala matendawa, chifukwa liwiro limaoneka pa chikwangwani chotsatsa malonda pamene chitetezo sichioneka mpaka tsiku limene chasowa.

Pali nkhani ina yakale imene imandithandiza kuona bwino. Mu 1994, mphunzitsi wa masamu Thomas Nicely wa ku Lynchburg College ku Virginia anapeza kuti purosesa ya Pentium inkalakwitsa pogawa manambala ena. Poyamba Intel inati isinthira okhawo amene angasonyeze kuti ntchito yawo imafuna masamu ozama. Anthu anakwiya, IBM inaimitsa kugulitsa makompyuta okhala ndi Pentium, ndipo mu Disembala chaka chomwecho Intel inagonja n'kulonjeza kusinthira aliyense wopempha. Zinaidyera madola 475 miliyoni. Vuto limenelo linali laling'ono poyerekeza ndi la 2018, koma aliyense akanatha kulemba samuyo pa kompyuta yake n'kuona yankho lolakwika ndi maso ake. Zinachitikanso mu 2024, pamene mapurosesa ena a Intel a m'badwo wa 13 ndi 14 ankazimitsa mapulogalamu mwadzidzidzi: osewera magemu anabuula poyera, ndipo kampaniyo inawonjezera zaka ziwiri pa waranti. Chilema chooneka chimabweza ndalama.

Mu 2018 panalibe kusinthira anthu mapurosesa. Kunabwera zigamba za mapulogalamu, ndipo zigambazo zinali ndi mtengo wake: zinkachedwetsa kompyuta. Microsoft yeniyeniyo inanena kuti makompyuta a m'ma 2015 kubwerera m'mbuyo ndi amene adzamve kwambiri kuchedwako. Zigamba zoyamba za Intel zinkachititsa makompyuta ena kuzima n'kudziyatsanso okha, mpaka pa 22 Januwale kampaniyo inauza anthu kuti ayambe asiya kuziika. Chigamba cha Windows nachonso chinalepheretsa makompyuta ena akale a AMD kuyaka. Munthu anagula liwiro, analipira liwiro, kenako gawo la liwirolo linachotsedwa kuti atetezedwe ku vuto limene sanalipange, ndipo palibe anamubwezera ngakhale tambala.

Sindikunena kuti mainjiniya anali ndi mtima woipa. Kwa zaka zambiri anthu anzeru kwambiri sanaone kuti njira imeneyi ingabedwere zinsinsi, ndipo kusunga nkhani mwachinsinsi kwa miyezi ingapo kuti zigamba zikonzedwe n'chinthu chomveka. Chimene chimandivuta n'chakuti mu miyezi imeneyo ena ankadziwa pamene ogula ankangogulabe. Intel inauzidwa za mavutowa pakati pa chaka cha 2017. Mu Novembala chaka chomwecho, mkulu wa kampaniyo pa nthawiyo, Brian Krzanich, anagulitsa masheya ake ambiri n'kutsala ndi 250,000 okha, chiwerengero chochepetsetsa chimene udindo wake unkafuna. Kampaniyo inati kugulitsako kunatsata dongosolo lokonzedweratu ndipo sikunakhudzane ndi nkhaniyi. Zingakhale choncho. Koma chiphunzitso cha mnzanga chimafuna wogula wodziwa chimene akugula, ndipo wogula wa mu Disembala 2017 sankadziwa.

Mwina mukuti, ife zikutikhudza bwanji za anthu a ku California? Tayang'anani malaputopu amene ali mu laibulale yathu. Ambiri ndi akaunjika, anagwira kale ntchito m'maofesi a kunja asanafike kuno, ndipo mapurosesa awo ndi a m'mibadwo yomwe ija imene zigamba zinaichedwetsa kwambiri. Mu Epulo 2018 Intel inalengeza kuti mapurosesa ena akale kwambiri sadzalandiranso zigamba za Spectre. Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, ndipo Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Kampani yaikulu ikaona kuti makina ake akalamba, imagula atsopano, akalewo n'kukwera sitima kubwera kwa ife. Kunena chilungamo, kuba zinsinsi kudzera mu Spectre n'kovuta, ndipo wophunzira wamba angaberedwe msanga ndi uthenga wabodza wa pa WhatsApp kusiyana ndi njira imeneyi. Komabe pa mzere wa olandira chilemacho, ife tili kumapeto, kumene waranti siifika ndipo kudandaula kwathu sikugwedeza masheya a aliyense.

N'chifukwa chake ndikuona kuti nkhani ngati imeneyi siyosiyira msika wokha. Galimoto ikapezeka ndi mabuleki olakwika, mayiko ambiri ali ndi malamulo okakamiza wopanga kuiitanitsa ndi kuikonza. Purosesa nayo imafunika lamulo lonena kuti wopanga adzapereka zigamba kwa zaka zingati, ndiponso kuti liwiro likachotsedwa pambuyo pogula, wogula ayenera kulandira chiyani.

Mnzanga uja sanagonje. Anati lamulo lotere lingakweze mitengo, ndipo oyamba kulephera kugula tingakhale ife tomwe. Pamenepo ndinasowa choyankha msanga, ndipo ndikuganizirabe. Kenako ndinamufunsa kuti laputopu yakeyo ndi ya m'badwo uti. Anaitembenuza, n'kuwerenga kastika kofufutika kaja: wa 5.