Miliri ya Farawo ndi Namondwe wa Freddy



Chichitikireni ngozi ya namondwe wa Freddy mu March 2023, amene anagumula mapiri ndi kupha anthu mazanamazana m'maboma a Blantyre, Chiradzulu, Mulanje, Phalombe ndi kuno ku Thyolo, pali mawu amene akumvekabe m'makomboni a m'maesiteti, ngakhalenso pakhonde pa mzikiti: akuti amene anafa aja analangidwa monga analangidwira anthu a Farawo. Mawu amenewa ndi olemera, choncho tiyeni tiwayeze.

Anansi athu Achikhristu amaiwerenga nkhaniyi m'buku la Eksodo, mutu 7 mpaka 12, ndipo amapeza miliri 10. Qur'an yolemekezeka, mu Surat Al-Isra ndime 101, ikutiuza kuti Mneneri Musa (Alaihi Salaam) anapatsidwa zizindikiro 9. Surat Al-A'raf ndime 130 ikutchula zaka za chilala ndi kuchepa kwa zokolola, ndipo ndime 133 ikutchula chigumula, dzombe, nsabwe, achule ndi magazi.

Koma taonani dongosolo lake. Mliri usanagwe, Mneneri anali atafika kale kwa mfumu ndi uthenga womveka, wakuti amasule ana a Israeli. Tchimo la Farawo nalonso silinabisike: anadzitcha mulungu, anagawa anthu m'magulu, anapha ana aamuna ndi kusandutsa mtundu wathunthu akapolo. Anthu a ku Thyolo safuna womasulira pa nkhani yotere. Agogo athu anagwira thangata m'minda ya azungu, miyezi yathunthu ya dzinja minda yawo ikulowa thengo, kungoti apeze malo omangapo nyumba, mpaka lamulo la 1962 linathetsa mchitidwewo. M'nkhani ya Musa, mkwiyo wa Allah (Subhanahu wa Ta'ala) unalunjika kwa wopondereza. Nanga bwanji ife tikuloza chala mayi wothyola tiyi amene nyumba inamugwera usiku ali ndi ana ake?

Pambuyo pa Mtumiki Muhammad (Swalla Allahu Alaihi Wasallam) kulibe mneneri wina, ndiye palibe shehe kapena mwalimu amene anauzidwa kuti tsoka lakuti ndi chilango cha uje. Surat Al-Baqarah ndime 155 ikutidziwitsa kuti okhulupirira omwe adzayesedwa ndi mantha, njala ndi kutayika kwa chuma ndi miyoyo. Kuwonjezera apo, mu Hadith ya Bukhari ndi Muslim, Mtumiki anaika m'gulu la ma Shahid munthu womira m'madzi, wogweredwa ndi nyumba ndi wofa ndi matenda a m'mimba. Kumbukirani kolera ya 2022 ndi 2023. Munthu amene Mtumiki wamupatsa ulemerero wotere, iwe umutche wolangidwa?

Gawo limene likutikhudza ife otsala lili pa ndime 134 ndi 135 za Al-A'raf. Mliri ukawapana, anthu a Farawo ankathamangira kwa Musa kuti awapemphere, nalonjeza kuti akhulupirira ndi kumasula akapolo aja. Zinthu zikangopepuka, lonjezo lija ankaliswa. Farawo mwini wake anavomereza madzi atamufika m'khosi, monga ikunenera Surat Yunus ndime 90, koma nthawi inali itatha.

Ambiri a ife tinalonjeza zambiri m'masiku a mvula aja, ndipo ana amene tinalumbira kuti tidzawatumiza ku madrasa akadali kuzungulira pa msika. Surat Ar-Rum ndime 41 ikunena za chiwonongeko chobwera ndi manja a anthu, ndipo amene anaona nkhalango ya phiri la Thyolo kale akudziwa kuti sanaidule ndi angelo. Palinso kapitawo Msilamu amene amasala Ramadhan yonse, koma pa sikelo amadula makilo a masamba a mayi wamasiye, ndi wogulitsa chimanga amene ndowa yake anaiphwanya dala pansi kuti ichepe. Awiri amenewa akatsegule Surat Al-Mutaffifin, ndime 1 mpaka 6, ndipo aiwerengetse mwana wawo mokweza pakhomo Jumu'ah ikubwerayi isanafike.

Wassalamu alaikum.