Uthenga wa pa Lamya Ukafika, Ndani Akuuyankha?

Pali anthu ena, ndipo ena mwa iwo amalandira malipiro a Boma mwezi ndi mwezi, amene akufalitsa nkhani yakuti makompyuta ndi malamya a m'manja amene akuthandiza pa ntchito yotumiza mankhwala m'zipatala ndi zidole chabe zokondweretsera alendo opereka thandizo. Akuti kompyuta sinachiritsepo mwana wodwala malungo. Akuti ku Nsanje ndi ku Chikwawa kukufunika misewu ndi milatho, osati mauthenga. Mawu otere amakoma pa bawo, koma ife amene timayenda m'Chigwa cha Shire sitingawalole kuti apite osayankhidwa.

Tiyeni tiwakumbutse anthu oiwala msangawa m'mene zinthu zinalili. Mlangizi wa zaumoyo amene amayang'anira kachipatala ka m'mudzi ankati akaona kuti mankhwala a malungo a LA kapena Thanzi ORS akutha, ankapalasa njinga mtunda wautali, dzuwa la ku Chigwa likuswa mtengo, kupita ku chipatala chaching'ono. Akafika ankauzidwa kuti mankhwala kulibe, abwerenso sabata ya mawa. Tsiku lonse latayika, ndipo kumudzi mayi wobereka mwana wotentha thupi wapeza chitseko chotseka. Pepala la lipoti linkafika ku boma mochedwa, nkhani yake itatha kale ntchito.

Mu 1997 madzi anakokolola njira ya pa Mtayamoyo, pakati pa Bangula ndi Chiromo, ndipo anthu anayamba kuoloka pa bwato. Kodi onyozawo akufuna kuti mlangizi wa kutsidya azilipira bwato pofuna kungofunsa ngati mankhwala afika?

Mu 2011 Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi bungwe la JSI, unayamba kuyesa njira yotchedwa cStock m'maboma asanu ndi limodzi, ndipo Nsanje linali limodzi mwa mabomawo. Njira yake ndi yapafupi. Mlangizi amatumiza uthenga wa pa lamya wonena kuchuluka kwa mankhwala amene watsala nawo. Kompyuta imawerengetsa amene akufunika kuwonjezera ndi kudziwitsa chipatala chaching'ono. Mankhwala akalongedwa, mlangizi amalandira uthenga wakuti abwere, kotero sayendanso ulendo wachabe. Nawo akuluakulu a zaumoyo ku boma amatha kuona mudzi umene mankhwala atha. Kenaka njirayi inafalikira m'maboma onse, ndipo mu 2017 Unduna unayambanso kugwiritsa ntchito OpenLMIS posonkhanitsa malipoti a mwezi ndi mwezi a mankhwala a m'zipatala.

Tsopano mverani ichi, inu a m'maofesi, pakuti apa ndiye pagona nkhani. M'maboma atatu mwa asanu ndi limodzi aja munakhazikitsidwa makomiti a alangizi ndi akuluakulu awo, amene ankakumana kawirikawiri kuti aone ziwerengero ndi kufunsana mafunso. M'maboma enawo munalibe makomiti otere. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2014 zinasonyeza kuti kumene kunali makomiti, alangizi 94 mwa 100 alionse ankatumiza malipoti, pamene kwinako anali 79. Kumene kunali makomiti mankhwala ankafika m'manja mwa mlangizi patapita masiku pafupifupi 13, kwinako masiku 26. Lamya inali yomweyo. Kompyuta inali yomweyo. Chimene chinasiyana ndi anthu.

Choncho onyoza aja alakwa. Koma alakwanso ena amene amaganiza kuti akagula makina ndi kuwatsegulira ndi nyimbo ndi magule ndiye kuti ntchito yatha. Mdani weniweni wa njirayi si madzi a Shire ayi. Ndi kalaliki amene amalemba chiwerengero cha m'mutu chifukwa wachita ulesi kuwerenga makatoni. Ndi mkulu amene uthenga wakuti mankhwala atha umamupeza ali ku msonkhano wa malawansi, nauyang'ana ndi diso limodzi, nabweza lamya m'thumba. Ndiponso ndi mbala imene imalemba kuti mankhwala aperekedwa kwa odwala pamene yawagulitsa pa msika. Kompyuta ukaidyetsa bodza imabereka bodza, ndipo galimoto ya mankhwala imapita kumene kuli kale zambiri ndi kulambalala kumene ana akufa. Munthu wotero asadzitche mtumiki wa Boma.

Chigwa cha Shire sichikhululukira wochedwa. Mu Januwale 2015 mitsinje ya Shire ndi Ruo inasefukira, ndipo anthu a ku Makhanga, kwa Mfumu Mlolo, ankafikiridwa pa bwato ndi pa helikopita basi. Mu Malichi 2019 kunabweranso madzi osefukira a nyengo ya namondwe Idai. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira ndipo dziko linakhala mu mdima. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000, pa nthawi imene kolera, amene anayamba mu 2022, anali atatenga kale miyoyo yambiri. Aliyense amene anaona masiku amenewo akudziwa kuti madzi akafika magetsi amazima, netiweki imasowa ndipo lamya imasanduka mwala. Ndiye kuti phindu la ziwerengero lili mu Okutobala ndi Novembala, misewu ikadali youma, pamene wosunga mankhwala angaone kuti ku Makhanga, ku Muona ndi ku Ndamera kunatha zochuluka bwanji dzinja lapitalo, natumiziratu za miyezi ingapo. Madzi akatayika saoleka.

Ena adzati, nanga si kuli ndege zija zopanda woyendetsa? Inde, mu 2020 kampani ya Swoop Aero ya ku Australia inayamba kuulutsa tindege totere ku Nsanje ndi ku Chikwawa, ndipo tinathandiza kunyamula katemera ndi zokayezetsa za odwala. Koma kandege kamanyamula makilogalamu ochepa. Sikanganyamule migolo ya klorini, ndipo sikadziwa kopita ngati palibe munthu amene wanena zoona za chimene chikusowa.

Za misewu ndi milatho sitikutsutsa. Tikuifuna, ndipo msewu wa kutsidya wochokera ku Thabwa kudzera ku Fatima anthu aulirira kwa zaka zambiri. Koma mlatho umatenga zaka kuti umangidwe, pamene lipoti loona limatenga mphindi zisanu. Amene akukana kuchita chaching'onocho ponamizira chachikulu akubisa ulesi wake kuseri kwa mlatho.

Kwa inu atsogoleri a Chipani m'nthambi ndi m'madera: ntchito yanu sithera pa kuimba m'manja pa misonkhano. Pitani ku kachipatala ka m'mudzi mwanu, mufunse mlangizi mwaulemu ngati watumiza lipoti la mwezi uno, ndiponso kuti anayankhidwa patapita masiku angati. Ngati vuto ndi potchajira lamya, kambiranani ndi mafumu ndi komiti ya zaumoyo ya m'mudzi. Ngati anatumiza koma sanayankhidwe, lembani tsiku lake, mukalitule ku msonkhano wa khonsolo mvula yoyamba isanagwe, ndipo amene anakhalira uthengawo akayankhe pamaso pa anthu.