Msewu uyesedwe tisanalipire

Munthu aliyense woima pa geti la msonkho la Chongwe, pa msewu waukulu wa Great East wopita ku Chipata, natulutsa ndalama kuti galimoto lake lipyole, ali nawo ufulu wofunsa ngati misewu yomangidwa ndi thukuta lake ili yolimba m'kati monga ionekera kunja. Masiku ano akuluakulu akamba kwambiri za misewu ya konkire, ndipo ine ndivomerezana nawo, pakuti phula tiligula kunja, pamene simenti tiipanga tokha kuyambira pamene fakitale ya Chilanga inakhazikitsidwa mu 1949. Komatu konkire ali ndi chikomekome cha mkuyu: pamwamba posalala, m'kati muli mphako zimene diso la nduna yodula riboni silingazione.

Mwambo wa amisiri ndi wakuti pothira konkire atapako pang'ono, naika m'zikombole, ndipo pakapita masiku 28 aphwanya timiyala timeneto ndi makina kuti adziwe mphamvu yake. Mwambowu suli woipa, koma kamwala kosungidwa m'madzi ndi kusamalidwa bwino sikangachitire umboni msewu umene unauma pa dzuwa la Okutobala wosathiriridwa, kapena umene antchito anauwonjezera madzi kuti fosholo ipepuke.

Njira yofunsira msewu weniweniwo ilipo, ndipo si yatsopano, popeza akatswiri a ku Canada ndi ku England anaiyamba m'zaka zotsatira nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Monga mayi agogoda mbiya asanaigule kuti amve ngati ili ndi mng'alu, momwemonso injiniya akhazika tizitsulo tiwiri pa konkire, kena kotumiza liwu losamveka ku khutu la munthu, kena kolilandira, ndipo makina awerenga nthawi imene liwulo latenga. M'konkire wabwino lithamanga pafupifupi makilomita 4 pa sekondi imodzi. Likatsika pansi pa makilomita 3, pamenepo pali chokayikitsa, chifukwa mphako ndi ming'alu zilizunguliritsa njira. Msewu suswedwa, makinawo anyamulika m'manja, ndipo munthu mmodzi angayese malo ambiri tsiku limodzi.

Ena adzatsutsa kuti makinawa sanena mphamvu ya konkire mwachindunji, ndipo anena zoona. Chinyezi ndi zitsulo za m'kati zifulumizitsa liwu, ndiponso pa msewu, pamene tizitsulo tonse tiwiri tikhala pamwamba pokha, muyeso suli wakuthwa ngati pa mzati umene uyesedwa mbali ziwiri. Koma chimenechi si chifukwa chowakanira. Ntchito yawo ndiyo kuloza malo ofooka, kuti pamenepo injiniya aboole, achotse chidutswa, nachiphwanye. Kuboola mongoganizira, kapena pamene womangayo wasankha yekha, ndiko kumene kwasanduka chobisalira cha ntchito yachinyengo.

Chifukwa chake ndipempha bungwe la Road Development Agency, limodzi ndi khonsolo yathu ya Chongwe, imene inalandira udindo waukulu pamene ndalama za chitukuko cha dera la phungu aliyense (CDF) zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, kuti alembe m'pangano lililonse la msewu, mlatho kapena kalavati ya konkire kuti malipiro otsiriza sadzatuluka ntchitoyo isanayesedwe ndi injiniya wosadya m'mbale ya kontilakitala. Zotsatira zake zikhomedwe pa chitseko cha khonsolo, ziwerengedwenso pamaso pa mafumu a dziko la Amayi Nkomeshya Mukamambo II, m'Chisoli ndi m'Chinyanja, kuti mlimi wa ku Chalimbana amene adzayendetsapo chimanga chake adziwe chimene wagula nthawi yobweza womangayo kudzakonza isanathe.