Woyimba ayambe wadzimva yekha

Nyengo ya maukwati ikafika, ku Zóbuè ndi ku Moatize Loweruka silipita popanda zokuzira mawu. Nkhondo itatha mu 1992, anthu obwerera kwawo kuchokera ku Malawi adadza ndi makaseti a magulu monga Alleluya Band ya ku Balaka, ndipo lero makwaya ambiri amafuna kiyibodi, gitala ndi maikolofoni.

Komatu dandaulo ndi lomwelija. Kwaya yokonzekera mwezi wathunthu imafika pa tsiku lenileni n'kuyamba kutayana, oyimba patsogolo, ng'oma pambuyo. Zikatha, mlandu umagwera mnyamata wa kiyibodi, mwinanso eni ukwati n'kukana kumaliza malipiro. Nthawi zambiri wolakwa palibe. Vuto ndi loti oyimbawo samadzimva.

Oyimba ng'oma za gule wamkulu alibe vutoli chifukwa amayima moyandikana. Koma masipika akuluakulu amaloza kwa anthu, kufulatira oyimba. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, choncho m'tchalitchi chachitali woyimba amamva mawu ake atagunda kale khoma lakumbuyo n'kubwerera mochedwa. Akawatsatira, amasokonezeka. Ngakhale a Beatles, gulu lotchuka la ku England, adasiya kuyendayenda ndi zoyimba mu 1966, ndipo chimodzi mwa zifukwa chidali chakuti sankadzimva m'phokoso la anthu.

Kukweza masipika si mankhwala. Chofunika ndi kupatsa oyimba njira yawoyawo ya mawu, yomwe akatswiri amaitcha monita.

Pa mikisa zambiri, mzere wa maikolofoni iliyonse uli ndi kabatani kopotokola kolembedwa Aux, ndipo palinso bowo lolembedwa Aux Send. Waya wochoka m'bowo limeneli apite ku sipika yokhala ndi ampulifaya yakeyake, yoikidwa pansi kutsogolo kwa woyimba, itapenya kunkhope kwake. Sipikayo ikhale kumchira kwa maikolofoni, poti maikolofoni zambiri zoyimbira sizitola bwino mawu ochokera kumbuyo. Mutu wa maikolofoni ukaloza sipika, pamabuka kulira koboola m'khutu kuja. Ngati pali batani lolembedwa Pre, litobwanyidwe, kuti wosintha mawu opita kwa anthu asasokoneze zomwe oyimba akumva.

Magulu opezako bwino amagula timabokosi ta woyimba aliyense payekha, monga ka Behringer P16-M. Kabokosika kamalandira mizere 16 ya mawu kudzera pa waya mmodzi wonga wolumikizira makompyuta, ndipo woyimba amavala mahedifoni n'kumadzisankhira yekha zoti amve. Koma sikagwira ntchito pakokha. Kamafuna mikisa kapena bokosi lina lokatumizira mawuwo, ndiye akuluakulu a kwaya afunse bwino asanatulutse ndalama za mpingo.

Posakaniza, woyimba ayambe ndi liwu lake, kenaka kiyibodi yomusungira kiyi, ndi ng'oma yomusungira liwiro. Zina zonse zikhale pansi. China chikapanda kumveka, nzeru ndi kutsitsa zomwe zikuchiphimba, osati kukweza zonse. Wovala mahedifoni samamvanso mpingo ukamavomera, choncho ndi bwino kuika maikolofoni imodzi yoloza kwa anthu.

Apa pali chenjezo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limachenjeza kuti phokoso lalikulu lomvedwa nthawi yaitali limaononga makutu, ndipo khutu loonongeka motere silichira. Woyimba amene makutu ake amalira usiku akachoka koyimba adziwe kuti wapyola muyeso. Kuvala hedifoni khutu limodzi n'koopsanso, chifukwa munthu amakweza mawu mosazindikira.

Poyatsa, mikisa iyambe, masipika atsirize. Pozimitsa, masipika ayambe. Kumalo kodalira jenereta, zida zilumikizidwe injini itakhazikika kale.

Kwaya yosowa ndalama isataye mtima. Sipika imodzi yaing'ono yotembenuzidwira kwa oyimba, komanso kufika msanga kudzayesa zida alendo asanadze, zimathetsa mikangano yambiri. Akulu adati mutu umodzi susenza denga: wa pa mikisa ndi oyimba ayenera kugwirizana zizindikiro za manja, chala m'mwamba kukweza, chala pansi kutsitsa. Akatero, mnyamata wa kiyibodi adzadya nawo nsima ya ukwati mwamtendere.