Lekani Mijedo Iyi!

Inu acinyamata, mayi akalephela kuima ngakhale madokotala atakumanitsa dzila ndi umuna kunja kwa thupi, mumanong'onezana kuti, "Anacotsa mimba pautsikana." Bodza lamkunkhuniza! Mkazi amabadwa ndi mazila ake onse, ndipo amakalamba naye limodzi, makamaka akapitilila zaka 35. Pa masiku atatu oyamba, mluza umadalila zimene dzila linasunga. Makromozomu akasokonezeka, kawilikawili umaleka kukula usanakwanitse masiku 5. Umuna nawonso ungakhale ndi vuto. Louise Brown anabadwa mwa njila imeneyi ku England mu 1978, koma mpaka lelo ambili amayesa kangapo osaphula kanthu. Nanga chimo lili kuti? Lili pakamwa panu. Gwilani lilime!